Mwaye wa Lamulungu

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji, ndipo akukusungani bwino?

Ife kuno tili bwino, ndipo zoti tili bwino tidachita kuuzidwa ndi akuluakulu. Pa msonkhano wa alimi a mpunga mwezi wathawu, a Manijala a fakitale adaima patsogolo, jekete atamanga mabatani onse, nanena kuti chibwerereni makina a nthunzi, mapaipi a boyila ya fakitale yathu amatsukidwa Loweruka lililonse popanda dzanja la munthu kukhudza mwaye. Adati zolowetsa anthu m'ng'anjo ngati mbewa zidapita ndi ulamuliro wakale, ndipo palibe mwana wa munthu amene adzalowemonso. Anthu adaomba m'manja. Inenso ndidaomba, chifukwa ndidakhala moyandikana ndi akazi awo.

Ndiyambe ndi zokoma. Agnesi, mkazi wa Damiano wanu, adachira bwino ku Mua m'nyengo ya Lenti. Ndi mwana wamkazi, ndipo adamutcha dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu, komanso kayang'anidwe kanu kaja ka munthu amene sakukhulupirira zimene akumva. Ansembe pomuthira madzi a ubatizo mwanayo sadalire, adangowayang'anitsitsa mpaka iwo adafulumiza pemphero.

Mpunga wa ku sikimu wachita bwino chaka chino, ngakhale kuti madzi ankafika ku ndime yathu eni ndime za kumtunda kwa ngalande atakhuta kale. Chimanga ndiye chidapsa ndi ng'amba chikungoyamba kumasula, moti nkhokwe yanu yafika m'chiuno mokha. Mbuzi yanu ya mawanga idaswa ana awiri. Mmodzi adagwidwa ndi fisi, malinga ndi kunena kwa aneba athu, koma fisi ameneyo adamasula chingwe bwinobwino osachidula. Denga la khitchini likudonthabe. Malume a Sitefano adalonjeza pa maliro anu, anthu onse akumva, kuti afolera mvula isanagwe. Udzu adamwetadi, ndipo uli pa khitchini yawo.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi Damiano. Mudandiuza muli pa mphasa kuti mwana ameneyu sadziwa kukana, ndizimukanira ine. Ndayesetsa, koma zina wakhala akuvomera ine kulibe.

Fakitale mudaisiya isanafoleredwe, choncho ndikufotokozereni. Mpunga asanaupunthe amayamba aufutsa ndi nthunzi, monga mmene inu munkafutsira khwanya, kuti usasweke m'chigayo. Nthunziyo imachokera mu boyila, chimgolo chachitsulo chogona chammbali, kukula kwake ngati minibasi. M'kati muli madzi, ndipo m'madzimo mwadutsa mapaipi ambirimbiri. Moto wa mankhusu a mpunga umalowa mbali ino, n'kuyenda m'mapaipimo, utsi n'kukatulukira ku chumuni. Wosonkheza moto umenewo ndi Damiano. Vuto n'lakuti mankhusu amasiya mwaye ndi phulusa lokhakhala ngati mchenga. Mapaipi akatsekeka, moto umayamba kubwerera kwa wousonkha. Poyamba ankazimitsa moto masiku angapo kuti chitsulo chizizire, kenaka anthu n'kutsegula chitseko cha kumbuyo, kulowa m'kachipinda ka utsi, n'kumakwecha paipi iliyonse ndi burashi ya waya yomangirira ku ndodo yachitsulo.

Makina a nthunzi adabwera chaka cha chisankho, atakwera lole imodzi ndi nsalu za chipani. Si chinthu chachikulu ayi. Ndi bokosi lachitsulo lomangidwa ndi mabawuti pakhoma la kuseri kwa boyila, lokhala ndi gudumu lopukusa ndi manja ndi paipi yaitali yolowa m'kati. Ukapukusa gudumu, nthunzi ya mu boyila momwemo imathamanga m'mapaipi n'kukankhira mwaye wonse ku chumuni. Phokoso lake linkamveka mpaka ku msika wa Golomoti, moti anthu adawatcha makinawo Chiyetsemulo. Loweruka m'mawa Chiyetsemulo chikalira, agalu ankathawira kunsi kwa nkhokwe, ndipo kumwamba kunkatuluka mtambo wakuda bii, mphepo n'kuunyamula.

Munkakonda kunena kuti galu akasiya kuuwa usamati wakhuta, kaone mpanda. Mwera utangoyamba kuomba, Chiyetsemulo chidasiya kulira. Loweruka loyamba ndidati mwina ndinali ku mjigo, azimayi akukangana. Lotsatira ndidakhala pakhonde dala ndikusenda chinangwa, makutu ali ku fakitale. Zidangolira nkhuku zokha.

Ndidamufunsa Damiano titatuluka m'tchalitchi. Ndidati, "Kodi boyila yanu idachira chimfine?"

Adayankha akukonza tcheni cha njinga ya malemu abambo chimene chinalibe vuto. "Tikutsukabe, achemwali. Kungoti masiku ano tikuchita mwakachetechete."

Ine sukulu ndidalekezera Fomu 4, koma nthunzi yoyenda monyang'ama sindidaiphunzire.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kumuyang'ana monga mmene inu munkayang'anira nsomba ya pamsika. Adayamba chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu. Nsidze zake zidayamba kuchepa. Ankavala malaya a manja aatali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, iye amene kuyambira ali mwana ankavula malaya akangoona mwatembenuka. Ndipo Misa yoyamba ikangotha sankadikira ngakhale zolengeza, ankakwera njinga n'kuzimiririka.

Ndidayamba ndaganiza za mkazi, poti mwamuna wosowa Lamulungu masana sakhala kuti wapita kukawerenga Baibulo pansi pa mtengo. Koma chibwenzi chimasalalitsa munthu masiku oyamba, ndipo sichiwaula nsidze. Kenaka ndidaganiza za kachasu. Popatsana moni wa mtendere pa Misa ndidamuyandikira dala kuti ndimununkhize. Ankanunkhira sopo yekhayekha, wochuluka kuposa wofunika kwa munthu mmodzi. Zimenezo sizidandikhazike mtima pansi. Munthu wosamba kwambiri chotero pali chimene akuchotsa.

Amene adanditsegula maso ndi Agnesi, mosadziwa. Tidakumana ku sikelo ya ana, iye n'kunena moseka koma maso osaseka, "Alamu, muzindibwezerako msanga mwamuna wanga Lamulungu. Mwanayu amafunanso bambo ake."

Ndidati, "Amakuuza kuti amakhala kwathu?"

"Eya, akuti akukufolererani khitchini."

Ndidangoti inde, ntchito yake ndi yaikulu. Khitchini imeneyi, Amayi, yafoleredwa ndi anthu ambiri.

Sabata yomweyo ndidamukoka Damiano kupita naye ku chipatala ku Mua. Adamuyeza makhololo, n'kupeza kuti si chifuwa chachikulu. Adamujambula pachifuwa. Adokotala adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi mumaswa miyala?" Iye adati amangosonkheza moto. Adokotala adati fumbi lina likalowa m'mapapo silitulukanso, ndipo ngati pali malo amene akulipuma, asiye lero, apo ayi mpweya udzayamba kumuthera akungomanga nsapato. Damiano adathokoza mwaulemu, monga amathokozera aliyense amene sakufuna kumumvera.

Lamulungu lotsatira ndidamusiya atsogole, ine n'kukwera kabaza pambuyo. Pa geti ya fakitale ndidapeza mlonda akuwotcha mbatata.

Adati, "A Felista, lero n'Lamulungu, mpunga sitigula."

"Sindikugulitsa kanthu. Ndabwera kudzatenga mlongo wanga."

"Kuno kulibe munthu, mayi."

"Ndiye njinga iyi yabwera yokha kudzapemphera?"

Adatembenuza mbatata yake, ine n'kudutsa.

Chitseko cha kumbuyo kwa boyila chinali chotsegula, ndipo panja panali mapazi awiri amene ndidawasambitsapo ali aang'ono. Moto adauzimitsa Loweruka madzulo, koma chitsulo chotere sichizizira tsiku limodzi. Nditaika dzanja pa chitseko ndidalichotsa msanga. M'katimo munkamveka kukwecha, kutsokomola, kukwechanso. Pambali panali matumba a mwaye ounjikidwa mpaka kubisa khoma, omangidwa bwinobwino pakamwa ngati ndi mpunga wopita ku Lilongwe. Ndidagwira mwendo n'kukoka.

Adatuluka chafutambuyo, atadzifunditsa chiguduli chonyowa chimene chinkatuluka nthunzi, kukamwa atamanga mpango wakale. Choyera pa iye anali maso okha. M'mikono munali zipsera, zakale ndi zatsopano, zofanana ndi milomo ya mapaipi. Sindidalire, Amayi. Ndidamupatsa madzi kaye, kenaka ndidamutukwana mawu amene sindingawalembe m'kalata yopita kumene muliko.

Atapeza mpweya adati, "Achemwali, mukudziwa kumene mwera umaponya utsi wa chumuni iyi?"

Ndidayang'ana, ndipo ndidadziwa. Kwathu kuno utsi sufika, mphepo imautengera kwina. Umakagwera kumudzi kwa Agnesi, kumene Damiano ali pa chikamwini, ndipo nyumba yoyamba kuulandira ndi ya a Nambewe, apongozi ake. A Nambewe amapita ku chigayo Lachisanu, ufa n'kuyanika Loweruka m'mawa. Loweruka lina mwera ukungoyamba kumene, Damiano adapukusa gudumu lake, mwaye wonse n'kukatera pa mikeka ya apongozi. Madzulo Agnesi adabwera ndi mbale yochokera kwa amayi ake, yovundikira bwino. Atavundukula, nsima yake inali yotuwa ngati simenti. Uthenga panalibe. Loweruka lotsatira mbale idabweranso.

Adati, "Ndidadya, achemwali. Inkachita kulira m'mano, koma ndidadya. Mkamwini sabweza mbale."

"Osangowauza kuti aziyanika tsiku lina bwanji?"

"Ine? Ndiwauze apongozi tsiku loyanika ufa wawo, pamudzi pawo? Ine amene ndikawaona akubwera panjira ndimalowa m'tchire ngakhale muli chitedze?"

"Nanga kusintha tsiku lopukusa?"

Adati masiku ena onse pabwalo la fakitale pamakhala mpunga wofutsa uli padzuwa, ndipo mwaye ukagwera pamenepo ndiye watha ntchito. Adapita kwa a Manijala kukadandaula. Iwo adamuuza kuti nkhani za apongozi ake si za fakitale, chimene akufuna n'chakuti Lolemba m'mawa mapaipi akhale oyera, njira ndi yake. Ndiye mwana wanu adapeza njira. Mwaye umene unkapita kumwamba tsopano amautulutsa ndi manja, n'kuumanga m'matumba, wotsala n'kupita nawo kunyumba m'chifuwa. Kudikira kuti chitsulo chizizire sangathe, chifukwa Lolemba moto uyenera kuyaka.

Ndidamuuza kuti asiye ntchito. Adandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule pamsika. Pamudzi paja, Amayi, amamulemekeza chifukwa amadzuka n'kupita kwinakwake atavala ovolosi. Akadzangokhala pakhonde tsiku limodzi, adzayamba kumuwerengera mitanda ya nsima.

Nkhani yotere ndi ya ankhoswe, choncho ndidapita kwa malume a Sitefano. Ndidawapeza ali pamthunzi wa khitchini yawo yatsopano. Adamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Iwe Felista, nkhani ya ufa siyitanira ankhoswe. Anthu angatiseke. Banja likadzayamba kugwedezeka, pamenepo ndiye udzandiuze." Ndidawafunsa ngati maliro amaitanira ankhoswe. Adati ndili ndi pakamwa pa amayi anga. Ndidathokoza.

Mukadakhalapo inu, mukadangomanga chitenje n'kupita, poti asewere amauzana zoona uku akuseka. Ine si msinkhu wanga kukakhala pa mkeka umodzi ndi a Nambewe n'kumakamba za mkamwini wawo. Koma ndidapita, nditasenza kalichero ka mpunga watsopano kuti pakamwa pasayambe pokha. Adandilandira bwino kwambiri moti ndidayamba kuchita mantha. Adafunsa za ana, za mbuzi, za mwendo wa bambo a kunyumba. Pabwalo pawo panali poyera ngati pa parishi.

Ndidati, "Amayi, ndabwera ndi nkhani ya mkamwini wanu."

"Mkamwini wanga wabwino uja? Walakwanji?"

"Akulowa m'moto Lamulungu lililonse kuti ufa wanu uziyera."

Adakonza duku lawo pang'onopang'ono. "Ine ndidamutuma? Funsani mudzi wonse ngati ndidatsegulapo pakamwa. Ndidangophika zimene zinali pa mkeka. Ndikadataya ufa uja, bwenzi mukuti a Nambewe ndi osakaza chakudya."

Pamenepo sindidatsutse, chifukwa zinali zoona, ndipo anthu onena zoona zokhazokha ndi amene amavuta kwambiri. Ndidangowafotokozera zimene ndidaona: chiguduli chofuka nthunzi, zipsera za m'mikono, ndi mawu a adokotala onena za nsapato. Mdzukulu wawo, wa dzina lanu uja, anali pamiyendo pawo akuyamwa chala. Adamusisita kumutu.

Kenaka adati, "Ine ndimayesa makina awo adawakonza kuti asamalavule. Agnesi akudziwa?"

"Akudziwa kuti akufolera khitchini."

"Mayo ine. Mwana wanga ndidamukwatitsa kuti akhale ndi mwamuna, osati ndi ufa woyera. Kamuuzeni aphulitse chinthu chakecho. Ufa ndiziyanika Lolemba. Koma amuna a kwanu, mwana iwe! Munthu kumupatsa mbale ziwiri zokha, iye n'kukalowa m'ng'anjo?"

Sindikudziwa ngati sankadziwadi. Pamudzi paja palibe nkhuku imene imaikira iwo osamva. Adandibwezera lichero, ine n'kutsanzika.

Dzulo, Lachisanu, ndidapita ku fakitale ndi uthenga umenewu ndikuyenda ngati munthu wopambana mlandu. Ndidamupeza Damiano akuponya mankhusu pamoto. Ndidamuuza kuti apongozi avomera, mawa apukuse gudumu lake mpaka agalu asamuke. Ndinkayembekeza kuti aseka. Adangoti, "Mwachita bwino, achemwali," maso ali pamoto, n'kuponyanso fosholo ina pamene sipankafunika.

Tili chomwecho adatulukira a Manijala. Adandipatsa moni ndi manja awiri, adafunsa ana anga powatchula maina amene sindidawauzepo, adaitanitsa mpando, n'kuuika kutsogolo kwa ofesi, kutali ndi boyila. Adati amva zoti kunali kusamvetsetsana pang'ono kwa pabanja, ndipo akondwa kuti kwatha. Ndidawafunsa ngati ankadziwa kuti Lamulungu mumalowa munthu m'boyila yawo. Adati iwo Lamulungu amakhala ku tchalitchi, ndipo zochitika munthu ali pamaso pa Mulungu sangaziyankhire. Adati makina ali bwinobwino, mawa ndimva ndekha. Adandiperekeza mpaka pa geti, mtunda wonsewo akuyenda mbali ya boyila, ine mbali ya msewu.

Lero ndi Loweruka. Kalatayi ndayamba kulemba nditakhala pakhonde lanu dzuwa likutuluka, ndipo tsopano mthunzi wa mtengo wa bwemba wafika pa nkhokwe. A Nambewe sanayanike ufa, anatumiza mwana wa mchemwali wawo kudzandiuza kuti mikeka apinda, akudikira. Mwera ukuomba bwino. Ku fakitale kuli zii.

Ndiye mverani zimene ndakonza, ndipo musandiletse m'maloto. Ine ndikakhala pa chitseko cha boyila mawa, Damiano adzandinyengerera, adzandilonjeza, mwinanso adzandinyamula n'kundiika pambali, poti ndi wamphamvu kuposa ine ngakhale ali ndi chifuwa. Koma pali munthu mmodzi padziko lino amene sangamudutse, sangamuyang'ane kumaso, ndipo sangamupemphe kuti asunthe. Ndikamaliza kulemba ndipita kwa a Nambewe kukawapempha kuti mawa Misa yoyamba ikatha tikayale mkeka wawo pa chitseko chimenecho, iwo akhale pakati, mdzukulu ali pamiyendo. Ndikuganiza kuti avomera, chifukwa iwonso akufuna kuti mudzi uone kuti sadamutume. Tidzakhala pamenepo mpaka dzuwa lipendeke, ndipo Lamulungu linalo tidzabweranso. Lolemba mapaipi akapezeka otsekeka, a Manijala afotokozere alimi chifukwa chake makina awo sanatsuke.

Ntchito mwina imuthera. Ndalingalira zimenezo m'mawa wonse wa lero. Akayamba kumuwerengera mitanda kumeneko, ndime yanu ya ku sikimu ilipo, ndipo khitchini ikudikirabe munthu woifolera zenizeni. Adzandikwiyira, mwina mpaka Khirisimasi. Akwiye, bola azipuma.

Ndikulonjezani, Amayi, kuti mwana wanu sabwera kumeneko msanga. Mukamusowa, pirirani, ife tikumufunabe kuno. Mupereke moni kwa abambo, ndipo muwauze kuti njinga yawo ikuyendabe, ngakhale kuti yaphunzira kunama. Timakukumbukirani tsiku lililonse, makamaka ine, nthawi imene ndikufuna munthu woti andiuze kuti sindikuganiza mopitirira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felista

Ndawonjezera pansi pano madzulo ano. A Nambewe avomera. Pobwerera ndinadzera kuseri kwa boyila, mlonda atapita kukatunga madzi. Pakhoma pamene panali makina a nthunzi patsala mabowo a mabawuti okha. M'bowo limodzi mavu adamatamo kale dothi, ndipo ndi louma. Makinawo sadachoke dzulo, Amayi.